Zimbudzi ndi madzi ku London m'zaka za m'ma 1300

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko senderani pafupi, mphepoyi ikutenga mawu.

Nonse mwachiona chimbudzi chija chatitimira ndi mvula kumtunda kwa chitsime, ndipo ana angapo akutsegula m'mimba. Ena mukuti ndi tsoka chabe. Ndiye tiyeni tipite kutali pang'ono, ku London ku England, zaka 700 zapitazo, chifukwa mlandu wa chimbudzi ndi madzi anthu akumeneko anauzenga kalekale. Koma gwirani mawu awa kaye: chimbudzi chitalikirane ndi chitsime.

Cha m'ma 1300 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 80,000, ambiri othithikana mkati mwa linga, malo oti munthu wapansi ankawadutsa mphindi zosakwana 30. Nyumba zambiri zinali zamatabwa, pansi shopu, pamwamba pogona. Misewu yopapatiza, ngalande pakati. Nkhumba zinkangoyenda mpaka akuluakulu a mzinda analamula kuti yopezeka pamsewu iphedwe. Inu a nkhumba zoyendayenda m'mudzi muno, musayang'ane pansi, mwamva. Usiku belu la tchalitchi cha St Mary-le-Bow likalira, malo omwera mowa ankatsekedwa, aliyense kwawo.

Madzi ankatunga mumtsinje wa Thames, m'zitsime za kuseri kwa nyumba, kapena kugula kwa anthu osenza. Mu 1245 anayamba kuyala mapaipi a mtovu kuchokera ku akasupe a ku Tyburn mpaka mumsewu wamalonda wa Cheapside, mtunda wa makilomita pafupifupi anayi. Pampopi pamenepo mikangano sinkatha, chifukwa ofulula mowa ankabwera ndi mitsuko ikuluikulu n'kumaliza madzi amayi ali pamzere. Mu 1478 William Campion wa ku Fleet Street anagwidwa ataboola paipi n'kukhotetsera madzi kwake. Anamukweza pa hatchi, n'kumuika chotengera madzi pamutu chili chuchuchu, n'kumuzunguliritsa mzinda.

Tsopano zimbudzi. Nyumba zambiri zinali ndi dzenje kuseri kapena kunsi, pamwamba matabwa. Lamulo linkati dzenje lowaka ndi miyala litalikirane ndi malire a mnansi mafiti awiri ndi theka, losawaka mafiti atatu ndi theka, chifukwa losawaka limatonya m'mbali n'kuoletsa khoma la mnzako. Panali bwalo lake la milandu yotere, meya ndi akuluakulu ankapita kukaona okha. Mu 1314 mayi Alice Wade wa ku Queenhithe analumikiza chimbudzi chake ndi paipi yamtengo kupita mungalande ya madzi a mvula. Ngalande inatsekeka, fungo m'nyumba za anansi, ndipo anamupatsa masiku 40 kuti aichotse. Mu 1326 Richard, amene ntchito yake inali kukokola zinyalala mumsewu, analowa m'chimbudzi, matabwa ovunda n'kuthyoka, iye n'kumira momwemo. Mitengo ya chimbudzi imaolera kunsi ndi nthunzi ya m'dzenje, pamwamba ikuoneka bwinobwino. Mudayang'ana liti yanu? Dzenje likadzaza, okapa ankabwera usiku ndi migolo n'kukataya kunja kwa mzinda, ndipo malipiro awo ankaposa a mganyu wamba.

(Bambo wina akufunsa: Ndiye mliri waukulu uja unapha azungu unabwera chifukwa cha zimbudzizo? Inali kolera?)

Mwafunsa bwino bambo, khalani pansi ndiyankhe. Ayi, sinali kolera. Mliri uja unafika ku London kumapeto kwa 1348, ndipo ena amawerengera kuti unatenga pafupifupi theka la mzinda. Tizilombo take timayenda ndi utitiri wa makoswe, timatupitsa mwanabele m'khwapa ndi m'mphechepeche. Koma anthuwo za tizilombo sankazidziwa, ankati matenda amayenda ndi fungo loipa. N'chifukwa chake mu 1349 Mfumu Edward III inalembera meya kuti misewu yadzaza ndowe za anthu, mpweya waipa, ayeretse. Kuyeretsako kunali kwabwino, ngakhale chifukwa chake anachiphonya. Ndiye onani apa: mafiti atatu ndi theka aja anali oteteza khoma ndi mphuno ya mnansi, chitsime sanachiganizire. Ophera nyama ankataya magazi ndi matumbo mumtsinje, zimbudzi zina zili pamwamba pa mitsinje ya Fleet ndi Walbrook. Ngakhale chimbudzi chachikulu chomwe Richard Whittington, yemwe anakhalapo meya wa mzindawu, anamangitsa cha m'ma 1421, mipando 128, theka amuna theka akazi, chinkatsukidwa ndi madzi a Thames akakwera, mtsinje womwewo ena akutunga. Kolera anafika ku England mu 1831. Mu 1854 Dokotala John Snow anatsata maliro a mumsewu wa Broad Street ku London komweko n'kupeza kuti ambiri ankamwa pa mjigo umodzi. Anthu ena atakumba pambuyo pake, anapeza dzenje la chimbudzi mita imodzi yosakwana kuchoka pachitsimecho. Zaka 500 zinadutsa asanazindikire, ife tikudziwa kale, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 tonse tinamuona. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime.

Ndikuona amayi ayamba kumanga ana kumbuyo, ndithamange. Chimbudzi chatsopano chikumbidwe mamita 30 kuchoka pachitsime, chakumunsi kwake, asaiwale zimenezo okumba. Musakumbe mpaka kufika pa dothi lonyowa, pansi pa dzenje pazitsala mamita awiri madzi asanafikidwe. Pamchenga wakani ndi njerwa. Mitengo ibayeni ndi mpeni kunsi kwake mvula isanayambe, ikalowa mosavuta sinthani. Pabowo chivundikiro, pakhomo mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Madzi a chitsime chija musamwe osawiritsa kapena osathira kolorini. Mwana akatsegula m'mimba, paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa muli panjira ya kuchipatala. Dzenje latitimira lija tikwirira Loweruka m'mawa, abambo mubwere ndi makasu ndi mawilibala.