Kodi nyimbo ndi haramu? Nanga za mtovu wa m'makutu zija n'zoona?

Assalamu alaikum abale ndi alongo! Lero tili konkuno ku Nkhotakota, ndipo mukamva kuwomba kumbuyoku musadabwe, Mwera wavuta panyanja. Funso mwakhala mukutumiza ndi ili: Msilamu angamvere nyimbo kapena ayi? Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu pali uthenga wina umene mwina inunso munautumizapo pa WhatsApp.

Choyamba, mwachangu. Oletsa ali ndi umboni wawo. Mu Qur'an, Surat Luqman ndime 6 ikudzudzula munthu wogula nkhani zachabe pofuna kusocheretsa anthu kunjira ya Allah, ndipo swahaba (mnzake wa Mtumiki Muhammad) Ibn Mas'ud anati pamenepa akunena kuimba. Mu Bukhari, buku lodalirika la mahadisi (mawu ndi zochita za Mtumiki), mulinso hadisi yoti kudzabwera anthu amene adzayese halali chiwerewere, silika, mowa ndi zida zoimbira. Maulama (akatswiri a chipembedzo) ambiri a madhhab anayi, njira zinayi zazikulu zomasulira malamulo a Chisilamu, anaima pomwepa, makamaka pa zida za zingwe ndi zitoliro.

Chachiwiri, olola aliponso, ndipo si anyamata a dzulodzuloli. Ibn Hazm wa ku Andalus (Spain ya Asilamu kalelo), amene anamwalira mu 1064, anati hadisi ya zida ija ili ndi mpata pa mndandanda wa oilandira, ngakhale akatswiri ena a hadisi anamutsutsa. Imam al-Ghazali, womwalira mu 1111, analemba mu Ihya Ulum al-Din kuti kuimba kumangodzutsa zomwe zili kale mumtima, koma zingwe ndi zitoliro anazikana poti zinali za pamowa. Shehe Yusuf al-Qaradawi wa ku Egypt analola bola mawu akhale aulemu.

Dufu, kang'oma ka m'manja, ndiye lilibe mkangano waukulu paukwati ndi pa Idi. Paukwati wa Rubayyi bint Mu'awwidh atsikana ankaimba ndi dufu Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, ali pomwepo. Mmodzi atati pakati pathu pali mneneri wodziwa za mawa, iye anamuuza kuti asiye mawu amenewo, apitirize zomwe ankaimba poyamba. Mwaona? Anakonza mawu, dufu sanalande.

Tisanapitirire, dinani subscribe ndi kabelu kaja. N'zaulere, bandulo yanu siitha nazo.

Chachitatu tsopano, ndipo apa mundilole ndikwiyeko pang'ono. Uthenga uja umati aliyense womvera nyimbo adzathiridwa mtovu wosungunula m'makutu tsiku la Kiyama (la chiweruzo), pansi pake n'kulemba kuti Bukhari, kenako "tumizirani anthu khumi". Mwaulandirapo? Lembani m'makomenti kuti unachokera mugulu liti, la kumadrasa kapena la pabanja.

Abale anga, tsegulani Bukhari. Hadisi ya mtovu ilimo ndithu, anailandira ndi Ibn Abbas, m'gawo la kumasulira maloto. Koma ikukamba za ndani? Za munthu womvetsera zokamba za anthu ena iwo asakufuna. Wotchera khutu kuseri kwa mpanda! Uja amanamizira kuyanika usipa pathandala chonsecho akufuna amve zomwe aneba akukangana m'nyumba. Za nyimbo mulibe ngakhale liwu limodzi. Hadisi yomweyo ikuchenjezanso wonama kuti walota zomwe sanalote, ndiye inu a "ndalota malemu agogo akuti munda uja ndi wanga", mwamva.

Nanga ya nyimboyo inachokera kuti? Ilipo nkhani ina yonena za wokhala pansi kumvera mkazi woimba, kuti adzathiridwa mtovu. Imam Ahmad ibn Hanbal anati imeneyo ndi yabodza. Shehe al-Albani, amene anamwalira mu 1999, anaikananso. Ndipo imvani bwino apa: al-Albani yemweyu analemba buku lathunthu loletsa zida zoimbira. Munthu woti nyimbo sankazifuna, koma sanalole kupambana mtsutso ndi hadisi yopeka. Tsono iwe m'bale wanga ndiwe ndani kuti uimate dzina la Bukhari?

Wina ati, "Aaa, bola anthu aope, asiye nyimbo." Ayi! M'mabuku a Bukhari ndi Muslim momwemo Mtumiki anati womunamizira mwadala adzikonzere malo ake kumoto. Sindikuti azakhali amene anangodina forward osadziwa alowa kumoto, musandinamizire inenso. Koma lero mwadziwa. Mukaulandiranso, musautumize, ndipo wotumizayo mufunseni mwaulemu kuti a Shehe, hadisiyi ili pa nambala yanji?

Ine maganizo anga ndi akuti amene wasankha kupewa zida zonse n'kumangomvera kaswida (nyimbo zachipembedzo) ali ndi maulama kumbuyo kwake, musamuseke. Amene akutsata Ibn Hazm musamutche kafiri. Kuno mikangano yotere si yachilendo, makolo athu a m'magulu a Kadiriya ndi Sukuti anatsutsana kalekale pa za sikiri (kuimba motchula dzina la Allah) pamaliro.

Chachinayi n'chachifupi, palibe shehe amatsutsa: nyimbo yotukwana, yotamanda mowa ndi chiwerewere, kapena yokuchedwetsani swala, imeneyo ayi. Adhana, kuitana kwa swala kuja, ikamveka, zimitsani sipika, kaya muli pa kabaza.

Sabata yamawa tili ku Salima kukamba za sikiri yomweyo, ndipo ndikudziwa kuti m'makomenti mudzayaka moto. Vidiyoyi itumizeni mugulu lomwe lija munalandira za mtovu. Wassalamu alaikum.