Mawu a M'mawa: Pemphero Lotchula Anthu

Abale ndi alongo, tikuwerenga Danieli 6:10. Danieli atamva kuti mfumu yakhazikitsa lamulo loletsa kupemphera kwa wina aliyense kupatula iyo, analowa m'nyumba mwake n'kugwada, mazenera ali otsegula, monga ankachitira nthawi zonse.

Usiku wa pa 9 November 1938, otsatira chipani cha Nazi anatentha masunagoge ndi kuswa masitolo a Ayuda m'mizinda yambiri ya ku Germany, ndipo atsogoleri ambiri a mipingo anangoti ziii. Bambo Bernhard Lichtenberg, wansembe wa tchalitchi chachikulu cha St. Hedwig ku Berlin, sanayambitse gulu lamobisa kapena kugwira mfuti. Kuyambira nthawi imeneyo, madzulo aliwonse ankapempherera mokweza Ayuda ndi anthu otsekeredwa m'misasa yozunzirako anthu, aliyense wolowa m'tchalitchimo akumva.

Boma la Hitler silikanavutika ndi pemphero longoti Ambuye kumbukirani onse ovutika, chifukwa mawu otere sakhudza munthu, ndipo ngakhale wozunzayo angathe kuvomera kuti ameni. Mlandu wa Bambo Lichtenberg unali kutchula. Ponena mawu akuti Ayuda ali paguwa, ankakumbutsa mpingo kuti anthu amene boma linkawayesa zinyalala ndi a Mulungu, ndiponso kuti okhala m'mabenchiwo akudziwa zimene zikuchitikira anansi awo. Mapemphero ambiri amene timatumizirana m'magulu athu m'mawa, kunena zoona, ndi a mtundu woyamba uja, ndipo tingachite bwino lero kudzifunsa kuti ndi ndani amene timaopa kumutchula pamaso pa anthu.

M'chaka cha 1941 Bambo Lichtenberg analembera kalata Leonardo Conti, mkulu wa zaumoyo m'bomalo, yodzudzula kuphedwa kwa odwala misala ndi olumala. Ophunzira awiri aakazi amene anamva pemphero lawo la madzulo anakawaneneza, ndipo apolisi achinsinsi a bomalo, otchedwa Gestapo, anawamanga pa 23 October chaka chomwecho. Powafunsa mafunso, iwo anapempha kuti awatumize ku Łódź, mzinda wa ku Poland, pamodzi ndi Ayuda osamutsidwa kuti akawatumikire, koma anakanizidwa.

Danieli anatuluka wamoyo m'dzenje la mikango, koma Bambo Lichtenberg sanabwerere paguwa lawo. Atatha zaka 2 m'ndende, thupi litafooka ndi matenda, Gestapo inalamula kuti apite ku msasa wozunzirako anthu wa Dachau, ndipo anamwalira panjira, mumzinda wa Hof, pa 5 November 1943 ali ndi zaka 67.