Dzuwa likapendeka, bwato kumtunda

A Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Inu anyamata mwaima kuseri kwa mtengoko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanu makamaka.

Nonse mwamva zimene zachitika Lachinayi. Ana ena a ku koleji ananyamuka ku Mangochi ndi mabwato awo apulasitiki, kutsika Shire, kulowa nyanja ya Malombe, akuti akuphunzira za madzi, nsomba ndi mbalame, usiku n'kumagona m'matenti. Ana aulemu, ena a inu munawagulitsa kambuzi padooko. Koma mwera unawachedwetsa, chifukwa wopalasa kulowera ku Liwonde mphepo imeneyi amakumana nayo maso ndi maso. Dzuwa linawalowera ali pamadzi. Bwato limodzi linadutsa pakati pa mvuu ndi mwana wake, ndipo linagubudulidwa. Atsikana awiri amene anali m'bwatomo ali moyo lero chifukwa anavala majekete oyandamitsa, komanso asodzi athu anamva kukuwa. Palibe china.

Ndiye mawu anga ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: dzuwa likapendeka, bwato kumtunda.

Mvuu tonse timaidziwa, koma timaiwala. Masana imakhala m'madzi. Kukayamba kuda imatuluka kukadya udzu, nthawi zina mpunga wathu womwe, ndipo njira yake ndi imodzimodzi tsiku lililonse. Madzulo ndi m'mbandakucha ndi pamene imayendayenda, ndi nthawi yomwenso maso athu saona bwino. Usiku woyamba ana aja anasankha malo osalala bwino pagombe, udzu wake wogona pansi, n'kukhomapo matenti. Anayesa kuti apeza mwayi. Pamenepo ndi pamsewu wa mvuu! Anawasamutsa ndi mkulu wina amene ankachokera kokaonjola nsomba. Mvuu ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chili pakati imaponda.

Chimene chandiitanitsa msonkhanowu kwenikweni ndi ana athu. Chionereni alendo aja, tiana tazaka khumi tikuba mabwato a makolo madzulo, tikuti tikuyeserera. Dzulo ndapitikitsa atatu. Ndipo amayi, musandikwiyire, ndinu amene mumatuma mwana kukatunga madzi mutateleka kale m'phika wansima, kunja kuli chisisira. Ng'ona imaphunzira. Imaona dooko limene anthu amafikapo nthawi yomweyomweyo, n'kudikira. Madzi atakwera mu 2024 paja inafika mpaka m'madimba. Dzuwa likapendeka, bwato kumtunda, ndowa kunyumba.

(Agogo ena akuimika dzanja: "Ife tapalasa Shire ameneyu chibadwire, jekete sitiidziwa. Nanga bwanji tili moyo?")

Zikomo agogo, mwafunsa zimene ambiri akung'ung'udza chamumtima. Zoona, inu mtsinjewu mumauwerenga. Mukaona thovu likutumphuka mumadziwa kuti pansi pali mvuu, mukamva kufwenthera mumakhota. Maso amenewo mwawakulitsa zaka zambiri. Mwana wa ku koleji wochokera ku Lilongwe alibe, mdzukulu wanunso alibe. Komanso agogo, tiyeni tikumbuke anzanu amene munkapalasa nawo, amene sanabwereko. Ambiri anali akatswiri osambira. Bwato likagubuduka limakumenya m'mutu, ukonde umakukola miyendo, namasupuni amakuphimba osaona kumwamba. Munthu wokomoka sasambira, koma jekete imamuyandamitsa mpaka anzake afike. Mu Meyi 2023 ku Nsanje, pa Shire yemweyu, mvuu inagunda bwato lonyamula anthu 37. Ambiri sanatuluke amoyo, mwana wachaka chimodzi anali m'gulu la omwalira. Anali anthu obadwira m'mbali mwa mtsinje ngati ife tomwe. Ndikudziwa kuti jekete ndi yodula, sindikana. Koma komiti yathu ya padooko ikhoza kusonkhetsa n'kugula zingapo zobwerekana. Pamene tikudikira, m'bwato musamasowe chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, ndipo bwato likagubuduka, gwirani bwatolo, musalisiye kuti musambirire kumtunda pokhapokha mvuu ikadali pomwepo. Ndipo agogo, nzeru zanuzo ndi zimene tikuzifuna. Alendo akabwera, muziwauza ndinu pamene pali mvuu.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kudzuwa, ndifulumire. Aphunzitsi a ana a ku koleji aja akuti gulu lina libweranso, ndiye tichite izi. Akafika, ayambe aonekera kwa amfumu. Msodzi mmodzi wodziwa malo aziyenda nawo, amulipire, si zaulere. Matenti akhome kutali ndi madzi, pamalo amene ife tawalozera, agone m'neti chifukwa udzudzu wa kuno suona kuti uyu ndi wophunzira. Madzi akumwa awiritse kapena athire Waterguard. Kolera ya 2022 inayambira kuno ku Machinga, simunaiwale. Asasambe m'madzi odikha a m'bango momwe muli nkhono, mumenemo ndi mwa likodzo, ndipo wathu aliyense woona magazi pokodza apite kuchipatala, mankhwala alipo. Kumunsiku Shire amalowa m'paki ya Liwonde, kumene mvuu ndi ng'ona n'zochuluka zedi. Kumeneko salowa popanda chilolezo cha oyang'anira paki, ndipo wina asawanamize kuti awalowetsa mozemba. Nkhafi muzichotsa m'bwato madzulo n'kukasunga m'nyumba, ana asazipeze. Ndipo tanena kuti chiyani dzuwa likapendeka?

(Anthu: "Bwato kumtunda!")

Eya. Eni mabwato musachoke, tilembe mayina ndi kugwirizana za ndalama ya majekete. A Gulupu, ndabweza kwa inu.