A Godfrey Miyanda, Chipani cha Heritage ndi Maganizo a Mudzi

Mafumu, anyakwawa, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, zikomo pondipatsa mpata uno. Tikamakamba za masankho kuno ku Chipata timathera nthawi yonse pa anthu awiri amene ali patsogolo, pamene pepala lovotera limakhala ndi nkhope zambiri. Lero ndikamba za munthu amene anaima kasanu pa mpando wa pulezidenti wa Zambia ndipo sanapambane, a Brigadier General Godfrey Miyanda a chipani cha Heritage. Sindinabwere kudzakopa mavoti. Ndabwera chifukwa mbiri yawo imaonetsa bwino mmene malamulo athu a masankho anafikira pamene ali.

A Miyanda anayamba ngati msilikali. Mu 1980, pa nthawi ya chipani chimodzi cha UNIP, boma la a Kenneth Kaunda linalengeza kuti lagwira chiwembu chofuna kulanda boma, ndipo pakati pa oimbidwa mlandu panali a Edward Shamwana, a Valentine Musakanya ndi a Miyanda. Anakhala m'ndende, koma khoti silinawapeze ndi mlandu. Munthu amene moyo wake unapulumukira m'khoti amalemekeza lamulo lolembedwa kuposa ena, ndipo ine ndimaona kuti khalidwe lawo lonse la pambuyo pake, lothamangira kwa oweruza m'malo mothamangira kumsewu, linayambira pamenepo.

Pamene ndale za zipani zambiri zinabwerera, iwo anali m'gulu la atsogoleri a MMD, chipani chimene chinapambana pa 31 October 1991. Akuluakulu muno mukukumbuka kuti chigawo chathu cha Kum'mawa chinakana mphepo imeneyo, ndipo mipando yonse 19 ya kuno inapita ku UNIP. A Miyanda anakhala nduna m'boma la a Frederick Chiluba, ndipo mu 1994, a Levy Mwanawasa atatula pansi udindo, iwo ndiwo anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Anagwira udindowo mpaka kumapeto kwa 1997, pamene a Chiluba anaikapo a Christon Tembo ndi kuwasamutsira iwo ku unduna wa zamaphunziro.

Chaka chimene ndikufuna tichimvetsetse ndi 2001. Malamulo a dziko ankalola pulezidenti kulamulira zigawo ziwiri zokha za zaka zisanuzisanu, koma anthu ena m'chipani cholamula anayamba kunena kuti a Chiluba aimenso kachitatu. Mipingo, bungwe la maloya ndi mabungwe a amayi anagwirizana m'gulu lotchedwa Oasis Forum, anthu anavala timaliboni tobiriwira, ndipo oyendetsa galimoto ankaliza mahutala posonyeza kukana. A Miyanda anali nduna, anali ndi galimoto ya boma, nyumba ndi malipiro, ndipo akanatha kukhala chete monga anachitira ena. Anasankha kutsutsa poyera, pamodzi ndi a Tembo ndi nduna zina, ndipo anachotsedwa m'chipani ndi m'boma. A Chiluba anasiya ganizolo mu May chaka chomwecho. Ndikunena mosabisa kuti pa nkhani iyi ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa lamulo la zigawo ziwiri limene timalidalira lero linatetezedwa ndi anthu amene analolera kutaya mipando yawo.

Tsoka linali lakuti amene anakana pamodzi sanathe kuima pamodzi. A Tembo anayambitsa chipani cha FDD, a Miyanda anayambitsa Heritage, a Michael Sata, amene sanali m'gulu lokanalo, nawonso anatuluka mu MMD n'kuyambitsa PF, pamene UPND ya a Anderson Mazoka ndi UNIP zinalipo kale. Pa 27 December 2001 pepala lovotera linali ndi anthu 11. A Mwanawasa anapambana ndi mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse, a Mazoka anapeza pafupifupi 27, ndipo a Miyanda anakhala achisanu ndi mavoti pafupifupi 8 pa 100 alionse, chipani chawo n'kupeza mipando inayi ku Nyumba ya Malamulo. Taganizirani bwino manambala amenewa: anthu 7 mwa 10 alionse amene anavota sanasankhe munthu amene analumbiritsidwa, ndipo mavoti a a Miyanda okha anali ochuluka kuposa mpata umene unali pakati pa woyamba ndi wachiwiri. Choncho munthu akakuuzani kuti chipani chaching'ono chilibe kanthu, mukumbutseni za chaka chimenecho. A Mazoka, a Tembo ndi a Miyanda anakasuma ku khoti lalikulu la Supreme, ndipo chigamulo chinatuluka mu 2005, pulezidenti atalamulira kale zaka zoposa zitatu. Khoti linavomereza kuti panali zolakwika, koma linakana kufafaniza zotsatira.

Tsopano tione zimene iwo ankakhulupirira. A Miyanda ndi munthu wosunga zakale, wokhulupirira kuti dziko limaima pa chikhulupiriro, pa banja ndi pa makhalidwe amene makolo anatisiyira, ndipo dzina lenileni la chipani chawo linkaloza ku cholowa chimenecho. Ndi Mkhristu wosabisa chikhulupiriro chake, ndipo anali kumbali ya amene anagwirizana ndi chilengezo cha a Chiluba cha mu December 1991 chakuti Zambia ndi dziko lachikhristu, chimene chinalowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko mu 1996. Pano ndiyenera kunena kuti si onse anakondwera nacho: atsogoleri ena a mipingo ikuluikulu anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo kuno ku Chipata tili ndi abale athu achisilamu amene akhala nafe kwa mibadwo, amene nawonso ndi nzika zonse. Funso la malire pakati pa guwa ndi boma silinathe, ndipo munthu aliyense wofuna mpando ayenera kuliyankha momveka.

Mfundo imene anadziwika nayo kwambiri ndi imene ankaitcha Village Concept, maganizo akuti dziko liyendetsedwe potengera mudzi. Inu anyakwawa mukudziwa zimene zimachitika m'mudzi wabwino: mwana wamasiye sagona ndi njala, mlandu umakambidwa pabwalo anthu onse akumva, maliro sasiyidwira banja limodzi, ndipo mfumu imadziwa munda wa aliyense ndi malire ake. Mmene ine ndimamvera mfundoyi, inkanena kuti mtsogoleri wa dziko ayenera kuchita manyazi ndi kuba monga momwe munthu amachitira manyazi pamaso pa anansi amene akumudziwa, ndiponso kuti chitukuko chiyambire pamene anthu amakhala, osati ku maofesi a ku Lusaka. Ambiri m'matauni anaiseka, akumati bamboyu akufuna kutibwezera ku nyumba za udzu. Kuseka kumeneko kunali kosayenera. Pamene boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, n'kunena kuti makomiti a m'mawodi ndiwo azisankha ntchito, linkayankha funso lomwelo la kumene mphamvu iyenera kukhala, ngakhale kuti linafika pamenepo mwa njira yakeyake.

Komabe sindingakhale woona mtima ndikapanda kutchula pamene mfundoyi inafooka. Mudzi umayenda bwino chifukwa anthu ake amadziwana, pamene dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni limafuna mabuku a ndalama, ofufuza za chuma ndi makhoti. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi akafunsa kuti feteleza afika liti, chimanga chake achigula pa mtengo wanji, ndipo mtedza ndi thonje lake azigulitsa kuti, amafuna yankho lokhala ndi mwezi ndi mtengo. Makhalidwe abwino okha samuyankha. Tisaiwalenso kuti m'midzi yathu yomweyi muli zinthu zimene tikulimbana nazo, monga kukwatitsa ana aang'ono ndi kulanda katundu wa amayi amasiye, zimene mafumu athu akuluakulu akuzidzudzula. Wosunga mwambo ayenera kunena momveka mwambo umene akusunga ndi umene akuutaya.

Kufooka kwachiwiri kunali kwa chipani chenichenicho. Chipani chili ngati nkhokwe: chimaima pa mitengo yambiri yokumbiridwa pansi, ndipo mtengo umodzi, ngakhale uli wa mubanga, sungachinyamule. Heritage inalankhula za mudzi koma sinakhazikitse nthambi m'midzi, ndipo a Mwanawasa atayamba kupereka maudindo kwa aphungu a zipani zotsutsa, ena mwa aphungu ake anapita ku MMD. Mu 2006 chipanichi sichinapeze mpando uliwonse, ndipo mavoti a a Miyanda sanafike 2 pa 100 alionse. Mu 2008, a Mwanawasa atamwalira, anali mmodzi wa anthu anayi okha amene anaima, pamodzi ndi a Rupiah Banda, a Sata ndi a Hakainde Hichilema, ndipo sanafike ngakhale 1 pa 100. Anaimanso mu 2011 ndi mu 2015, mavoti ali ochepabe.

Zimene zinachitika mu 2001 zinathandiza kusintha malamulo. Kusintha kumene kunasainidwa mu January 2016 kunalamula kuti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndipo ngati palibe wafika pamenepo, awiri oyambirira apikisanenso. Kunalamulanso kuti woima akhale ndi womutsatira, amene adzakhale wachiwiri kwa pulezidenti, pa pepala lomwelo, akhale ndi setifiketi ya Giredi 12, ndipo abweretse ovota olembetsedwa osachepera 100 kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo khumi. Lamulo la kuposa theka linachotsa mantha akale akuti kuvotera munthu wa chipani chaching'ono n'kutaya voti, chifukwa mavoti otere angathe kukakamiza chisankho chachiwiri, ndipo akuluakulu awiriwo ayenera kubwera kudzamva zofuna zanu. Koma lamulo la anthu 100 m'chigawo chilichonse, pamodzi ndi ndalama zolembetsera, limalemera kwambiri kwa munthu wopanda chuma, chifukwa kusonkhanitsa anthu kuchokera ku Mongu mpaka ku Lundazi kumafuna mafuta, chakudya ndi malo ogona. Pa chisankho cha August 2016, choyamba pansi pa malamulo amenewa, dzina la a Miyanda silinalinso pa pepala lovotera.