Pitani kwa Munthu Amene Mumamuzemba

Okondedwa omvera, abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupemphani kuti sabata ino isanathe muchite chinthu chimodzi chimene ambiri a inu simungachikonde. Ganizirani munthu amene mukamuona akubwera mumapatuka njira, kaya ndi mlamu wanu amene munakangana naye pa malire a munda, kaya ndi mnzanu wa ku Mvano amene munasiya kulankhulana naye chifukwa cha ngongole, ndipo mukonzeke kupita kunyumba kwake.

Musananyamuke, werengani Machitidwe a Atumwi mutu 9, kuyambira ndime 10 mpaka 19. Hananiya, wophunzira wa ku Damasiko, anauzidwa m'masomphenya kuti apite ku khwalala lotchedwa Lolunjika, kunyumba ya Yudasi, akafunefune Saulo wa ku Tariso, amene anali atatha masiku atatu osapenya, osadya ndi osamwa. Hananiya sanabise mantha ake. Anakumbutsa Ambuye zoipa zimene munthuyo anachitira oyera mtima ku Yerusalemu, ndiponso kuti anabwera ndi chilolezo cha ansembe aakulu chomanga aliyense woitana pa dzina la Yesu. Mantha amenewa anali ndi chifukwa chomveka, komabe Ambuye anamuuza kuti apite, ndipo iye anapita, namusanjika manja Saulo, namutchula kuti mbale.

Inunso yambani ndi pemphero loona mtima. Muuzeni Mulungu chimene mukuopa, kaya ndi manyazi, kaya ndi kunyozedwa pamaso pa ana a mnzanuyo, koma musadikire kuti manthawo athe kaye, chifukwa amene amadikira zimenezo zaka zimadutsa ali pakhomo pawo pomwepo. Timapemphera Lamulungu lililonse kuti tikule m'chikhulupiriro, koma paja walira mvula walira matope, ndipo mtima umene sunayesedwepo pamaso pa munthu wouvuta sungadziwe ngati uli ndi chikondi kapena ukungosangalala ndi nyimbo za kwaya.

Sankhani tsiku, ndipo muuze mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa mphakati wanu kuti adzakufunseni ngati mwapita. Musatumize uthenga pa WhatsApp m'malo mwa ulendowu, chifukwa pa foni n'kosavuta kubisala. Mukafika, odirani, khalani pamene akupatsani, perekani moni mwaulemu, ndipo nenani mwachidule kuti mwabwera chifukwa simukufuna kuti udaniwu upitirire. Tchulani mbali yanu ya cholakwacho popanda kuwonjezera "koma inunso". Kenaka khalani chete mumve, ngakhale mawu ake akhale owawa. Gawo limeneli ndilo lovuta kwambiri, pakuti lilime limayabwa kufuna kudziteteza, ndipo ambiri amagwera pomwepa.

Ndichenjezepo mwamphamvu kuti ngati munthuyo anakuchitiranipo nkhanza kapena anakuopsezani, musapite nokha, ndipo musadzikakamize kubwerera kumene moyo wanu uli pachiswe. Nkhani yotere ipite kaye kwa abusa, kwa ankhoswe, ngakhalenso kupolisi.

Mwina adzakulandirani, mwinanso adzakusiyani muli chiimire pabwalo. Zikatero musakalalatire m'mudzi kuti mwakanidwa. Bwererani kwanu, mumupempherere pomutchula dzina tsiku ndi tsiku, ndipo mukadzakumana naye pamsika kapena pamaliro, mukhale inu woyamba kupereka moni.