Njala ya m'mbale ya labotale: gawo la lero kuchokera ku Dundee

Moni abale anga a ku Kasungu, a ku Santhe, a ku Chulu, ndi nonse amene mwatchera khutu. Kuno ku Dundee mdima ukugwa 4 koloko isanakwane, ndiye lero tikhale m'labotale momwemo, tikambe za kanthu ka m'nthaka kamene timaweta kuno, Dictyostelium discoideum. Kenneth Raper adakapeza m'nkhalango ku North Carolina, n'kukalengeza mu 1935.

Chakudya chikakhalapo, selo iliyonse imangodzidyera payokha. Majini a chitukuko chake amayatsidwa ndi njala, choncho njalayo timaipanga dala. Timatunga maselo mu HL5 asanapitirire 4 miliyoni pa mililita, kuwatsuka kawiri ndi KK2, n'kuwayala pa agar yopanda chakudya, pa madigiri 22. Mukatsuka mwaulesi, kachakudya kotsalako kamachedwetsa zonse. Mukaika mbale m'chofungatira cha madigiri 37, cha anzathu oweta mabakiteriya, mwapha basi.

Pakapita maola angapo, acaA yopangitsa cAMP ndi carA yopanga khutu lomvera cAMP-yo zimayaka mwamphamvu. Selo ikamva mfuu imasendera kumene yachokera, nayonso n'kufuula, monga uthenga wa maliro umadumphira mudzi ndi mudzi kwathu. Mfuuyo imabwera pafupifupi mphindi 6 zilizonse. Koma jini imene ine ndimaigomera ndi pdsA, yopanga enzayimu yophwanya cAMP. Mukaichotsa, phokoso limadzaza mbale yonse, maselo n'kusowa kolowera. Palinso puloteni GtaC, imene imatuluka mu nyukiliyasi n'kubwereramo motsatira mfuu iliyonse, ndipo majini ena amayaka potsatira kayendedwe kameneka.

Maselo ofika 100,000 amaunjikana n'kusanduka kanthu kokwawa ngati nkhono yopanda chigoba. Apa m'pamene amagawana ntchito. Akutsogolo, pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, amayatsa ecmA mothandizidwa ndi DIF-1, ndipo amafa n'kukhala phesi. Akumbuyo amayatsa pspA ndi cotB, n'kukhala mbewu. Ammonia ikachuluka m'mbale, kankhonoko kamangoyendabe osaima kuti kabereke. Zikayenda bwino, pofika ola la 24 phesi laima, kampira ka mbewu kali pansonga.

Kuti tidziwe jini iti yayaka liti, timakolola RNA maola anayi alionse, usiku womwe. Yalani mbale 8 koloko m'mawa, muyembekezere kudzuka 4 koloko mbandakucha, kunja kuli chisanu cha ku Scotland.