Chimbale chikusewera pa laputopu koma deki ikuchikana: vuto lili pati?

[Patebulo pali deki ya DVD, laputopu ndi zimbale zitatu zolembedwa ndi maka.]

Muli bwanji nonse? Kuno ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo, ndiye phokoso la fani mukulimvalo mungolipirira.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka china ndinajambula ukwati ku Ngabu, ndinabena chimbale (kubena ndiko kulemba kanema pa chimbale ndi kompyuta), ndinachipereka, ndalama ndinalandira. Usiku womwewo foni inalira. Anali bambo ake a mkwatibwi: "Achimwene, anthu adzadza pakhonde pano, ena achokera ku Bangula, koma deki ikungolemba No Disc. Mwatigulitsa chimbale chopanda kanthu kodi?" Ine ndinayankha molimba mtima kuti bambo, pa laputopu yanga chimasewera bwinobwino, deki yanuyo ndiye yatha. Ndinkanama osadziwa. Deki yawo inali yabwino, wolakwa ndinali ine.

Laputopu ili ngati wamalonda wa pa Marka, kumalire ndi Mozambique. Mumulankhule Chisena ayankha, Chimang'anja ayankha, Chipwitikizi ayankhanso. Deki ndi agogo a kumudzi, amamva chiyankhulo chimodzi chokha. Ndiye chimbale kusewera pa kompyuta si umboni woti chisewera mu deki.

[Akulowetsa chimbale choyamba mu laputopu. Kamera iyandikire pa sikirini.]

Musadine kuti chisewere, chitsegulani ngati mmene mumatsegulira fulashi, muone zili mkatimo. Taonani ichi: muli fayilo imodzi, ukwati.mp4. Ichi ndi chomwe ndinawapatsa anthu a ku Ngabu aja. Ndinangokopera fayilo ya mu kamera n'kuiponya pa chimbale. Chimbale chotere ndi nkhokwe chabe yosungiramo fayilo, si DVD ya kanema.

[Akusintha chimbale.]

Tsopano ichi. Muli foda yolembedwa VIDEO_TS, zilembo zikuluzikulu. Tikaitsegula tikupeza mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndi momwe muli kanemayo ndi mawu ake, ndipo iliyonse sipitirira 1 GB, n'chifukwa chake ukwati umodzi umaoneka woduladula m'mafayilo angapo. A IFO ndi amene amauza deki kuti yambira apa, ukamaliza upite apo. A BUP ndi makope a IFO aja, osungira tsiku la tsoka. Deki ikalandira chimbale imafunafuna foda imeneyi, ndipo kanema wa mkatimo imamufuna ali MPEG-2. Foni yanu ndi makamera ambiri a masiku ano amajambula MP4 ya H.264, ena H.265, zomwe ma deki ambiri akale sazidziwa n'komwe.

Wina afunsa kuti nanga bwanji kwa aneba chimbale cha mafayilo chimasewera? Yang'anani kutsogolo kwa deki yawo, mwina palembedwa DivX. Ma deki amenewo amawerenga mafayilo a AVI. Koma kasitomala wanu simukudziwa kuti kwawo ali ndi deki yanji, ndiye mupangireni chimbale cha VIDEO_TS, chomwe deki iliyonse inapangidwira.

Musayese zongosintha dzina la fayilo kuchoka pa mp4 kukhala vob. Ndinayesapo. Mbuzi mukaitcha ng'ombe simuikama mkaka wa ng'ombe.

Pamafunika pulogalamu yomwe imasandutsa kanemayo n'kumanga foda ija. Ine ndimagwiritsa ntchito DVDStyler, ndi yaulere. Nero nayonso imatha, bola musankhe DVD-Video, osati Data. Ikakufunsani PAL kapena NTSC, sankhani PAL. Kuno ku Malawi timayendera PAL, chithunzi cha 720 x 576, mafelemu 25 pa sekondi. NTSC ndi ya ku America ndi Japan. Mukasankha imeneyo, pa sikirini zatsopanozi mwina simuona vuto, koma pa TV zakale za chimsana zija chithunzi chikhoza kutuluka chopanda mtundu kapena kumangogudubuzika.

Pa kukula kwa kanema tisachedwepo. Chimbale wamba ndi 4.7 GB, ngakhale kompyuta imaonetsa pafupifupi 4.4, ndipo chimanyamula maola awiri chithunzi chili chooneka bwino. Ukwati wa kwathu kuno perekaniperekani yekha amadya maola atatu. Mukaupanikiza wonse pa chimbale chimodzi, nkhope za anthu zimasanduka timabokosi. Gawani pawiri, kutchalitchi chimbale chake, kumadyerero chake.

Tsopano tinene kuti VIDEO_TS ilimo, koma deki ikungolemba Loading mpaka kutopa. Apa pali zinthu zingapo.

Choyamba kuganizira n'chakuti chimbalecho sichinatsekedwe, pa makina amalemba kuti Finalize. Chimbale chosatseka chili ngati thumba la thonje losasoka kukamwa: katundu alimo, koma silinakonzeke kunyamulidwa. Makina amene anachibena amachiwerenga, ena ayi. Izi zimavuta kwambiri kwa amene ali ndi ma DVD rekoda, ndi makamera aja a tizimbale ting'onoting'ono. Chibwezereni mu makina omwe anachijambulawo, mufufuze Finalize pa menyu. Pa Windows, mukalowetsa chimbale chatsopano imakufunsani njira ziwiri, ndipo ya "Like a USB flash drive" ija ndi imene imasiya chimbale chotsegula. Ithaweni. Kunena zoona, ine foda ya VIDEO_TS sindiibena ndi Windows n'komwe, ndimaibena ndi pulogalamu ya ImgBurn, chifukwa imazindikira yokha kuti iyi ndi DVD ya kanema n'kusanja mafayilo mmene deki imafunira.

Kenako liwiro. Pa chimbale alemba 16x, koma zimbale zotchipa timagula pa msikazi musazikhulupirire. Benani pa 4x kapena 8x, ndipo muchonge pa Verify kuti kompyuta ichiwerengenso ikamaliza. Inde mudikira, kasitomala ayamba kuyang'ana wotchi, koma kudikirako n'kochepa poyerekeza ndi kukwera kabaza kukapepesa. Magetsi akathima kubena kuli mkati, chimbale chimenecho chatha, tengani china.

Yang'ananinso ngati chalembedwa DVD-R kapena DVD+R. Cha mainasi ndi chimene chinayamba kutuluka, cha pulasi chinabwera pambuyo, ndiye ma deki ena akale kwambiri amakana cha pulasi. Zofufutika zija, za RW, siziwala mokwanira ku diso la deki yotopa. Ine za makasitomala ndimagula DVD-R basi.

Pali bodza lina limayenda, loti deki yochokera ku Joni singasewere chimbale cha ku Malawi chifukwa cha rijoni, loko wochititsa kuti chimbale chisewere pa ma deki a dera limodzi lokha la dziko lapansi. N'zoona kuti South Africa ili mu rijoni 2 pomwe ife tili mu 5, koma loko ameneyo amaikidwa pa mafilimu a kufakitale. Chimbale chomwe mwabena nokha chilibe loko.

[Akunyamula chimbale chachitatu, akuchitembenuza pa kuwala.]

Ichi chinabwera dzulo, ndi cha kwaya. Onani kunsiku. Chimbale chobena chimakhala ndi utoto wofiirira motuwa ngati biringanya, ndipo kanema amalembedwa mu utoto umenewo. Apa m'mphepete mwasuluka. Mwini wake anachisiya pawindo. Kutentha kwa kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndiye taganizani chimbale chili pa dashibodi ya minibasi kuchokera pa Dyeratu kukafika ku Nsanje Boma. Chimapindika, utoto umapsa, ndipo palibe mmisiri angachidzutse. Chikakhala chongodetsedwa ndi zala kapena fumbi, pukutani ndi kansalu kofewa kuyambira pa bowo kupita kunja, osati mozungulira. Mapepala omata pamwamba aja asiyeni, ndi kutentha kuno amatukuka ndipo chimbale chimayamba kunjenjemera mu deki. Maka ndi wokwanira.

Nthawi zina wolakwa ndi deki ndithu. Yesani chimbale cha kufakitale, chasiliva kunsi. Chikasewera, vuto ndi chimbale chanu. Chikakananso, yesani CD ya nyimbo. Deki ikaimba CD koma n'kumakana DVD iliyonse, musadabwe: mkati mwake muli ma leza awiri (timagetsi towerengera chimbale), wina wa CD, wina wofiira wa DVD, ndipo wofiirayo akhoza kufooka mnzake akadali moyo. Musanathamangire kwa amisiri, zulani pulagi kukhoma, tsegulani chivundikiro, mupukute kadiso kagalasi kowerengera chimbale kaja mopepuka ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti. Fumbi la m'chilimwe limatseka kadiso kameneka. Koma osachita deki ili yoyaka, ndipo leza musamuyang'ane.

Za ku Ngabu zija, m'mawa mwake ndinabenanso chimbale n'kukachipereka ndekha. Pobwerera ndinagula deki yakale iyi mukuionayi, ilibe rimoti, thireyi yake imafuna kuikankha ndi chala. Chimbale chilichonse chimadutsa muno kasitomala akuona, kenako ndimamukoperanso fayilo ya MP4 pa fulashi kapena memori khadi, kuti dzuwa likadya chimbale ukwati usapite nawo.

Tiyese cha VIDEO_TS chija.

[Akukankha thireyi ndi chala. Pa deki palembedwa Loading, kenako manambala ayamba kuyenda.]

Eya, si awo akwati akulowa. Amene deki yanu ikukanabe, ndilembereni zomwe ikulemba pa kagalasi kake, ndi zomwe mwapeza mutatsegula chimbalecho pa kompyuta.